Canon Selphy CP1500: Kutsuka Chithunzi Mwini Wake Ali Pomwepo

Ndalama ya wojambula wa pazochitika imatayika pakati pa tsiku lojambula ndi tsiku lobweretsa chithunzi. Loweruka paukwati munthu amachita kukukoka mkono yekha, "A kameramani, tabwerani mutijambule ndi alamu angawa," n'kuwonjezera kuti mudzatsuke ziwiri. Ukamupeza Lachitatu envelopu ili m'manja, chisangalalo chija chinazizira kalekale, suti inabwerera kwa mwini wake, ndipo amakuuza kuti ubwere mwezi ukatha. Aliyense amene wagwirapo ntchito imeneyi ali ndi katoni kunyumba yodzaza nkhope za anthu osawadziwa n'komwe, zithunzi zomwe analipira yekha kozitsukitsa. Vuto limeneli ndi limene linandigulitsa kapulinta ka Canon Selphy CP1500, ndipo ndikaweruza pa funso limodzi lomweli: kodi kamathandiza munthu woyenda yekha ndi chikwama kulandira ndalama yake tsiku lomwelo? Kwa ine kamathandiza. Koma pali zinthu zomwe wogulitsa sangakuuzeni, ndipo zambiri mwa izo zikukhudza mapepala ndi fumbi.

Ine ndimajambula maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya mpingo ndi ana omaliza maphunziro, makamaka ku Zomba ndi ku Machinga. Kamera yanga ndi Nikon yakale, ndiye poyamba ndithetse nkhawa ya anzanga ambiri: pulinta iyi sisankha kamera. Umangochotsa memori khadi ya SD m'kamera, kuyilowetsa kutsogolo kwa pulinta, n'kusankha chithunzi pasikirini yake. Chomwe imafuna ndi zithunzi zosungidwa mu JPEG basi, mtundu wamba wa fayilo ya chithunzi. Amene mumajambula RAW, fayilo yosakonzedwa ya m'kamera, tcherani kamera kuti izisunga zonse ziwiri, apo ayi mukafika pamalo n'kupeza pulinta ikuti m'khadi mulibe kanthu.

Canon anatulutsa CP1500 m'chaka cha 2022, kulowa m'malo mwa CP1300 ya 2017 yomwe ambiri a ife tinayambira kuiona kwa anzathu a m'tauni. Kukula kwake ndi ngati kontena ya chakudya ya mwana wa sukulu, ndipo kulemera kwake sikufika kilogalamu imodzi. Imalowa m'chikwama cha kamera limodzi ndi fulashi, ndipo pa kabaza sikulemetsa. Sikirini yake ndi ya mainchesi 3.5, yokulirapo kuposa ya CP1300, koma siimirira ngati yakale ija ndipo si yogwira ndi chala. Umayendetsa ndi mabatani. Padzuwa la masana umafunika kuiphimba ndi dzanja kuti uone bwino nkhope. Apa ndingakonde akadasiya sikirini yoimirira ija, chifukwa pulinta ikakhala patebulo lalifupi umawerama tsiku lonse.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosiyana ndi mapulinta a inki yamadzi omwe timawadziwa m'mashopu a fotokope. Muno mulibe madzi. Inki yake ndi riboni yopyapyala ngati pulasitiki, yokulungidwa m'kaseti, ndipo mutu wa pulinta umatenthetsa riboniyo kuti mtundu ulowe m'pepala. Pepala limalowa ndi kutuluka kanayi. Ulendo woyamba limatuluka lachikasu chokhachokha, wachiwiri limatenga kufiira kopita ku pinki, wachitatu kubiriwira kwa mtambo ndipo apa ndi pamene nkhope imaoneka yeniyeni, kenako wachinayi limavala chikuto choonekera chomwe chimateteza ku madzi ndi zala. Canon amati chithunzi chimodzi cha saizi ya positikhadi, mamilimita 100 kwa 148, chimatenga masekondi pafupifupi 41, ndipo zomwe ndimaona sizitalikira pamenepo. Chikangotuluka n'chouma kale. Umathyola timapepala ta m'mbali ziwiri pomwe pali timabowo, n'kupereka.

Kulowa ndi kutuluka kumeneku kumandigulitsira malonda kuposa pakamwa panga. Ana amaunjikana kuonerera nkhope yachikasu ikusanduka ya munthu, amayi awo amabwera kudzawachotsa, n'kuthera kufunsa mtengo. Pachinkhoswe ndimaika tebulo pafupi ndi polowera, osati pafupi ndi masipika, ndipo nthawi ya perekaniperekani ikamatha anthu amakhala ali ndi ndalama zosintha m'manja. Lamulo langa ndi limodzi: ndimamuonetsa munthu chithunzi pasikirini, akavomera amalipira, kaya ndi ndalama yapamanja kaya pa Airtel Money kapena Mpamba, kenako ndiye ndimadina batani. Sinditsukanso chithunzi chongoyembekezera kuti mwina mwini wake adzachifuna.

Tsopano za maonekedwe, chifukwa apa ndi pamene ndili ndi zambiri zonena. Khungu lathu lakuda limatuluka bwino kwambiri pa pulinta yamtundu uwu, losalala, lopanda timadontho tomwe umaona ukayang'anitsitsa chithunzi cha inki yamadzi yotchipa. Chifukwa chake n'chakuti kutentha kwa mutu kumasintha pang'onopang'ono, ndiye mtundu umachoka pakuwala kupita pamthunzi mosadumpha. Koma dziwani kuti chithunzi cha papepala nthawi zonse chimaoneka chakuderapo kuposa cha pafoni, popeza foni imawala yokha pomwe pepala limadalira kuwala kwa pamalopo. Munthu akaona nkhope yake pafoni ili mbee kenako papepala yaderako, amayamba kudandaula kuti mwandidetsa. Ine ndimakweza kuwala pang'ono pa pulinta pomwepo, makamaka pazithunzi zojambulidwa m'tchalitchi kapena pansi pa tenti.

Mayeso enieni ndi mkwatibwi wovala zoyera ataima ndi mkwati wa suti yakuda, kapena amayi a Mvano ndi mabulauzi awo oyera, maduku oyera ndi masiketi akuda, dzuwa lili pamutu. Ukakweza kuwala kuti nkhope zioneke, leseni ya diresi imasowa n'kungokhala choyera chopanda kanthu. Ukasunga diresi, nkhope zimamira. Pulinta singakonze zimenezi, ndipo si mlandu wake. Mankhwala ake ali pojambula: aimikeni anthu pamthunzi wa mtengo kapena wa khonde, muwalitse nkhope ndi fulashi ngakhale ndi masana. Chithunzi chikajambulidwa choncho, Selphy imachitulutsa mokoma moti sindichita manyazi kuchiika pambali pa cha mu studio yaikulu ya ku Blantyre. Pulinta ili ndi kokonza chithunzi yokha, ndipo imabwera katayatsidwa kale. Pa zithunzi za m'mafoni a anthu ndimakasiya, koma pa zomwe ndajambula ndekha mosamala ndimakazimitsa, chifukwa nthawi zina kamasintha zomwe ndinafuna ine.

Zitenje za yunifolomu ya chinkhoswe zimatuluka zowala, makamaka zofiira, zachikasu ndi za lalanje. Ungathenso kusankha kuti chikuto chomaliza chikhale chonyezimira kwambiri kapena chofatsa, popanda kusintha pepala. Anthu ambiri kumudzi amakonda chonyezimira. Chofatsa ndimachigwiritsa ntchito pa zithunzi zoti zikalowa mufulemu ya galasi.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe kamadula anthu mitu ndi mapazi ngati susamala. Pepala la positikhadi limagwirizana ndi kamera zikuluzikulu, zomwe chithunzi chake chimakhala cha 3 kwa 2. Mafoni ambiri amajambula 4 kwa 3, ndiye ukatsuka chodzaza pepala lonse, pulinta imadula m'mbali. Ngakhale cha kamera chimadulidwako pang'ono m'mphepete. Pojambula gulu siyani mpata kumbali zonse, ndipo chithunzi cha pafoni chikakhala chothina, sankhani chokhala ndi malire oyera.

Foni imalumikizana ndi pulinta pa Wi-Fi ya pulinta yomweyo, osafuna bandulo kapena netiweki, kudzera pa pulogalamu ya SELPHY Photo Layout. Izi zinanditsegulira msika womwe sindinkauganizira: anthu obwera ndi zithunzi zawo kale m'foni. Mayi wina wachikulire anabwera ndi mdzukulu wake atanyamula foni, n'kunena kuti, "Mwanawe, undichotsere mwana wangayu m'menemu, ali ku Joni, ndizimuona pakhoma." Zithunzi zotere nthawi zambiri zimakhala zodutsa pa WhatsApp, ndipo apa pamafunika kunena zoona musanalandire ndalama. Kuti positikhadi ituluke yakuthwa pa madontho 300 pa inchi omwe pulinta iyi imasindikiza, chithunzi chimafunika chikhale ndi mapikiselo pafupifupi 1,750 m'litali ndi 1,180 m'lifupi. WhatsApp imapanikiza chithunzi kuti chipepuke. Chotumizidwa kamodzi chimatuluka bwinobwino ndithu, koma chomwe chajambulidwa pasikirini kuchokera pa status ya munthu wina chimatuluka chosweka. Ndimawauza kuti apemphe wotumiza atumizenso pa HD, yomwe WhatsApp inaiyamba mu 2023, kapena ngati document.

Mtengo weniweni wa pulinta iyi suli pa pulinta. Uli pa mapepala. Simungagule pepala lina lililonse n'kuikamo. Limafunika lake lenileni, ndipo limagulitsidwa pamodzi ndi riboni. Paketi ya KP-108IN ili ndi mapepala 108 ndi makaseti 3 a riboni, iliyonse yokwana zithunzi 36. Ya RP-108 ilinso ndi mapepala 108 koma makaseti ake ndi 2, a zithunzi 54 iliyonse, ndipo ndimaikonda chifukwa susintha kaseti pafupipafupi anthu ali pamzere. Ubwino wa dongosolo limeneli ndi wakuti masamu ake ndi osabisika. Tengani mtengo wa paketi, wonjezerani thiransipoti yokaitenga, gawani ndi 108 kapena ndi 100 kuti musiye malo a zowonongeka, ndiye mwadziwa zomwe chithunzi chimodzi chikukudyerani. Chakuda bii kapena choyera mbee, chimadya riboni yofanana. Pa pulinta ya inki yamadzi masamu amenewa sakhala omveka chotere.

Kuipa kwake n'kwakuti mapepalawa amachokera kunja, ndiye amayenda ndi dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa paketi unakwera nthawi yomweyo, pomwe kasitomala wa ku Malosa akufunabe kulipira mtengo womwe anazolowera. Ndipo si tsiku lililonse umawapeza. Pali nthawi yomwe umazungulira mashopu mu Limbe ndi mu Blantyre osapeza ngakhale paketi imodzi, n'kudalira anthu oyenda ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam. Amene akufuna kugula pulinta iyi ayambe wapeza koti azigula mapepala, makamaka malo awiri, asanapereke ndalama ya makinawo. Nyengo ya maukwati ikamayandikira, kuyambira anthu akakolola mpaka mvula isanagwe, ndimagula mapaketi angapo nthawi imodzi n'kuwasunga m'kabati mozizira, osatsegula. Pogula onani kuti bokosi ndi lomata ndipo makaseti ali onse. Pa shopu ina anandipatsapo bokosi lotsegulidwa kale lomwe kaseti imodzi inali itachotsedwa, ndipo mapepala opanda riboni alibe ntchito ina iliyonse.

Mdani wamkulu ndi fumbi, ndipo kuno fumbi la September ndi October mukulidziwa. Pepala likamayenda limatulukira kumbuyo kwa pulinta, n'kubwereranso mkati. Kachitsotso kakagwera papepala lili panja, kamalowa nalo, ndipo pamalo pomwe kakhala mtundu sugwira: pamatuluka kadontho koyera kapena kamzere, kawirikawiri pankhope penipeni. Choncho kumbuyo kwa pulinta kumafuna mpata woposa kutalika kwa pepala, ndipo pansi pake pakhale poyera. Ine ndimayenda ndi katoni yomwe ndinaidula mbali imodzi, ndimaika pulinta mkati mwake kuti mphepo isafike kumbuyo, ndipo sindiika tebulo kumene anthu akuvinira. Thireyi ya mapepala imalandira 18 okha nthawi imodzi. Poikamo gwirani m'mbali, chifukwa chala cha thukuta kapena cha mafuta a nkhuku ya paukwati chikakhudza mbali yonyezimira, chidindo chake chimatuluka pachithunzi. Ntchito ikatha, thireyi ndi pulinta zimalowa m'jumbo yotseka.

Magetsi ndi nkhani ina. M'bokosi mumabwera chingwe cha pakhoma chokha. Batire yake, NB-CP2LI, imagulitsidwa payokha ndipo si yotchipa, komanso kuno kuipeza n'kovuta kuposa mapepala. Pulinta ili ndi polowetsa USB-C, koma pamenepo ndi podutsa zithunzi. Musaganize kuti pawabanki ya foni ingaiyendetse. Kwa munthu wojambula m'midzi izi ndiye zondikhumudwitsa kwambiri pa katundu ameneyu, chifukwa pulinta yopangidwira kuyenda nayo ikanayenera kubwera ndi batire yake. Anzanga ena amagwiritsa batire ya sola ndi inveta yaying'ono, ndipo zimayenda. Chomwe sindikulangizani ndi kulumikiza pa jenereta imodzi ndi a zoimbira. Magetsi akathima pepala lili mkati, musalikoke. Yatsaninso, pulinta ilitulutsa yokha. Koma pepalalo lapita, ndipo gawo la riboni lapita nalo. Musamangoyatsa ndi kuzimitsa popanda chifukwa, popeza kuyaka kulikonse kungathe kukoka riboni pang'ono, mapeto ake riboni imatha mapepala akadalipo.

Kutentha nakonso kumaichedwetsa. Ikatenthedwa kwambiri imaima kaye yokha mpaka itazizira, kenako n'kupitiriza. Ku Liwonde mu October zimenezi zimachitika ukamatsuka zambiri motsatizana. Isungeni pamthunzi. Anzathu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe kutentha kumafika madigiri 40, aganizirepo bwino.

Zithunzi za mafomu imazichita bwino. Ili ndi malo ake osankhira saizi, ndipo imayala zingapo papepala limodzi, kuphatikizapo za mamilimita 35 kwa 45 zomwe zimafunidwa kwambiri. Za mamilimita 51 kwa 51 za visa ya ku America zimakwana ziwiri zokha papepala. Msika umenewu unachepa chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, pomwe anthu ankajambulidwa pamalo olembetsera pomwepo, koma ana a sukulu, ofunsira ntchito ndi a magulu osiyanasiyana amazifunabe. Nsalu yoyera ya kumbuyo ndi lumo lakuthwa, basi ntchito yayamba pansi pa mtengo.

Chimodzi chomwe ambiri sachidziwa: riboni yotha imasunga chithunzithunzi cha chilichonse chomwe mwatsuka. Mukaitambasula padzuwa nkhope za anthu zimaoneka, ndipo ngati munatsukira munthu chiphaso chake, manambala amawerengeka. Anthu amatikhulupirira ndi zithunzi zawo, zina za m'nyumba zomwe safuna kuti ena aone. Kaseti yotha musaitaye padzala pomwe ana amatola zoseweretsa. Ine ndimasolola riboni n'kuiduladula ndisanataye.

Kodi ndi ya aliyense? Ayi. Masekondi 41 amaoneka ochepa mpaka utaima panja pa Great Hall ku Zomba tsiku la omaliza maphunziro a University of Malawi, banja lililonse likufuna zithunzi zisanu ndipo minibasi yawo ikudikira. Ukawerengera kusankha chithunzi, kuika mapepala ndi kubweza chenji, pa ola sungapitirire kwenikweni zithunzi 60. Amene ntchito yake ndi ya chigulu chotere ayang'ane makina ngati DNP DS620, omwe amatulutsa chithunzi cha saizi yomweyi m'masekondi osakwana 10 ndipo mpukutu umodzi wa pepala umapereka zithunzi 400. Koma amenewo ndi olemera, odula kwambiri, ndipo amafuna kompyuta ndi magetsi odalirika. Amene ali ndi shopu yokhazikika ndipo akufuna zithunzi zazikulu za A4, pulinta ya Epson ya matanki 6 ngati L805 imutsikira mtengo pa chithunzi chilichonse, kungoti siyendayenda, ndipo ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito mutu wake umatseka. Selphy ungaisiye m'kabati nyengo yonse ya dzinja, ukaitulutsa imayamba pomwe inasiyira, chifukwa mulibe choti chiume. Instax ya Fujifilm, kamera yotulutsa chithunzi pomwepo, ndi yosangalatsa pa phwando la achinyamata, koma kachithunzi kake ndi kakang'ono ndipo sungasankhe kaye musanatsuke.

Selphy siipitirira positikhadi. Chithunzi chachikulu cha akwati choti chikakhale pabalaza ndimakatsukitsabe ku tauni, ndipo chimenecho eni ukwati amakhala atalipira kale.

Amene tinakula tikuona wojambula wa njinga, kamera ili pakhosi, timakumbukira momwe zinkakhalira. Ankadikira kuti filimu ya zithunzi 36 idzaze, kenako n'kupita nayo ku Blantyre, ndipo pakapita masabata amabwera ndi envelopu kapena ndi uthenga woti zinapsa. Zithunzi zomwe zinapulumuka zija zilipobe m'maalubamu ndi m'masutikesi a makolo athu. Za zaka khumi zapitazi zambiri zinapita ndi mafoni obedwa, ogwera m'madzi ndi mamemori khadi ofa. Pamaliro achibale amasowa chithunzi chabwino cha malemu choika papologalamu, munthu amene anajambulidwa kambirimbiri. Canon amati zithunzi za Selphy zingathe kukhala zaka 100 zitasungidwa mu alubamu. Zomwe ndaona ndi maso anga n'zakuti madzi akadonthera umangopukuta, ndipo zomwe zili m'mafulemu m'nyumba za makasitomala anga sizinasuluke. Zopachikidwa pomwe dzuwa limawomba tsiku ndi tsiku ndimawachenjeza eni ake kuti azisunthe.

Ngati ndalama ya CP1500 yatsopano siikukwana, CP1300 yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yabwino ndithu. Imadya mapepala omwewa, imachedwerapo masekondi ochepa chabe, ndipo ili ndi polowetsa fulashi disiki wamba. Pokagula nyamulani mapepala anu ndi kaseti yanu, ndipo onetsetsani kuti thireyi ndi chingwe chake chenicheni zilipo, chifukwa kuzipeza pazokha n'kovuta. Tsukani chithunzi chimodzi kawiri, chokhala ndi thambo lalikulu kapena khoma la mtundu umodzi. Kadontho kakaoneka pa chimodzi chokha, limenelo ndi fumbi. Mzere ukaoneka pamalo amodzimodzi pa zonse ziwiri, kuchokera kumapeto kufika kumapeto, ndipo sukuchoka mutapukuta mkati, mutu wa pulinta ndi wowonongeka, ndipo imeneyo isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo.